Funsani Anamwino: Agogo atuluka m'chipatala, nanga foni ingathandize chani?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi moti ndinayamba kuganiza kuti munapangana. Munthu wamkulu wagonekedwa sabata imodzi kaya awiri ndi BP, shuga, mtima kapena sitiroko, adokotala amutulutsa, gadiyani wamanga beseni ndi mapoto m'chitenje, mwafika kunyumba, kenako zii. Ku wodi kunali nesi wobwera ndi makina m'mawa uliwonse, kunyumba muli nokhanokha ndi jumbo ya mapilisi. Ndasankhapo makalata asanu, ena ndawadula chifukwa anthu inu mumalemba ngati mukuyankha mayeso a MSCE. Maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Anamwino, ine ndili ku Joni chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, mayi anga ali kumudzi ku Ntcheu ali ndi zaka 71. Mwezi wathawu anagwa akusesa pakhomo, mkono wakumanzere unafooka pakamwa panapindika, kuchipatala anati ndi sitiroko yobwera chifukwa cha BP. Anagona masiku 9 nde anawatulutsa, pano akuyenda ndi ndodo pang'onopang'ono. Akukhala ndi mdzukulu wawo wa Fomu 2, mlongo wanga anakwatiwa mudzi woyandikana amabwera masana. Ine kuno tulo sindikupeza. Ndaona m'mashopu mawotchi aja amati amayeza BP ndi mtima nkumatumiza pa foni nde ndimafuna ndigule wotchiyo ndi foni ya touch ndipatsire anyamata a mabasi, kuti BP yawo ndizitha kuiona ndekha ndili konkuno. Ndalama ndikhoza kudzifinya. Ndigule yamtundu wanji? — Mwana wodandaula, Johannesburg

Achimwene, pepani ndi matenda a mayi, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama isanalowe m'thumba la mwini shopu. Wotchiyo isiyeni kaye.

Timawotchi tambiri totchipa tija sitiyeza BP ayi, timawalitsa kakuwala kobiriwira pakhungu nkungoyerekeza, nambala imene imatuluka ndi yongokusangalatsani. Olo ena mwa aja odula amakampani odziwika amafunabe muziwalinganiza ndi makina enieni a pamkono pafupifupi mwezi uliwonse, nde makinawo muwagulabe basi. Onjezani kutchaja pafupipafupi, Bluetooth, bandulo, netiweki yakumudzi ija yoti munthu akaime pachulu. Koma tiyerekeze zonse zayenda, ndi 2 koloko usiku, muli pa bedi ku Joni foni yanu yaonetsa 190/110, mutani? Muimba foni ya mayi imene ili pa tchaji kwa aneba? Nambala imakhala ndi ntchito pokhapokha ikafika kwa munthu amene ali pafupi ndipo akudziwa chochita nayo.

Gulani makina a BP omanga pamkono wapamwamba, osati aja a padzanja. Omron ndi imodzi mwa odziwika, alipo ena, chachikulu mugule ku famase osati pamsewu, akhale a mabatire wamba opezeka pa golosale, ndipo lamba wake akwane mkono wa mayi chifukwa lamba wothina pa mkono waukulu amakweza nambala. Tumizaninso mabatire apadera ndi kope la sukulu ndi bolopeni. Kope limeneli musalinyoze, lidzagwira ntchito kuposa foni ya touch.

Kayezedwe ndi komwe ambiri amalakwitsa. Mayi akhale pampando mphindi 5 asanayeze, msana utatsamira, mapazi pansi osapingasa miyendo, mkono pa tebulo molingana ndi chifuwa, asakhale kuti angomwa tiyi kapena akufuna kukataya madzi, ndipo asamayankhule makina akupopa, olo mlamu atalowa ndi nkhani yokoma bwanji. Muyeze mkono umene sunafooke pokhapokha adokotala atanena zina. Kawiri motsatizana, pakati papite mphindi imodzi kapena ziwiri, m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo. Mulembe tsiku, nthawi, nambala zonse ziwiri. Masabata oyambirira tsiku lililonse, zikakhazikika achipatala adzakuuzani muchepetse. Kuyeza ka 10 pa tsiku chifukwa cha mantha kumangokweza BP ya nyumba yonse.

Apa ndi pamene foni ikulowa. Mlongo wanu ngati ali ndi WhatsApp ajambule tsamba la kopelo Lamlungu lililonse akutumizireni, ndi zimenezo, mwaona BP ya sabata yonse ndi bandulo yochepa. Koma chithunzi choyamba chisakhale cha kope, chikhale cha buku la kuchipatala, masamba onse amene analemba tsiku lotuluka, ndi timapepala ta mankhwala tonse kamodzikamodzi dzina likuoneka. Mabukuwa amanyowa, amadyedwa ndi chiswe, amaiwalika mu minibasi, ndipo ine ndakhalapo pa tebulo ndi agogo amene akuti amamwa "toyera tating'ono ndi tina tachikasu" buku linasowa, nkuyamba kulota kuti kaya ndi amlodipine kaya HCT kaya aspirin. Chithunzi chikanakhalapo nkhani ikanatha mu mphindi imodzi. Ndipo musagule buku latsopano lakale likadalipo, makamaka ngati anamatapo kasitika ka mizeremizere kaja, ndi kamene amakupezerani mu kompyuta.

Za kumwa mankhwala, kafoni ka mabatani kamene mayi ali nako kale kali ndi alamu, mdzukuluyo aitchere nthawi ziwiri kapena monga analembera. Koma ndikuuzeni zimene zinandionekera ndekha. Azakhali anga tinawatcherera alamu ya 7 koloko, ikalira ankangodina batani nkupitiriza kusankha nyemba, ukawafunsa amvekere "ndamva yalira". Kumva anamvadi, kumwa ayi. Chinathandiza ndi kabokosi ka mapilisi ka masiku 7 kaja, ukatsegula chipinda cha Lachitatu nkupeza mapilisi ali phee ukudziwa kuti sanamwe, palibe zokangana. Kukasowa kabokosi, mabokosi a machesi 7 olembedwa masiku amagwira ntchito yomweyo, bola muziika pouma komanso potalikira ana.

Tsiku lobwerera kuchipatala mulilembe mu kalenda ya foni yanu inuyo, ikukumbutseni kutatsala masiku atatu, ndalama ya thiransipoti mutumize pa Mukuru nthawi ikadalipo ifike pa Airtel Money kapena Mpamba ya mlongo wanu dzulo lake. Anthu ambiri amabwereranso ku wodi osati chifukwa mankhwala sanagwire koma anatha, tsiku linadutsa, anati tidikire mwezi uthe, BP nkukweranso mwakachetechete poti siipweteka. Ku Neno a Partners In Health, aja timati Abwenzi Pa Za Umoyo, ali ndi kiliniki imene odwala HIV, BP, shuga, mphumu ndi khunyu amaonedwa malo amodzi ndipo ukajomba pamakhala anthu a m'mudzi okulondola. Madera ambiri wokulondola kulibe, nde wolondolayo mukhale inuyo ndi kalenda yanu.

Sungitsaninso mu foni ya mayi ndi ya mlongo wanu nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, 929, yaulere. Inayambira ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach pa nkhani za amayi oyembekezera ndi ana, kenako inakula kufika dziko lonse ndi matenda osiyanasiyana ndipo inaperekedwa m'manja mwa unduna wa zaumoyo. Amayankha m'Chichewa, ndi yabwino pa mafunso ngati mayi aiwala kumwa m'mawa titani. Koma pakamwa pakapindikanso, mkono kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, mawu akayamba kusokonekera, kapena makina aonetse 180/120 kupita m'mwamba ndi mutu waukulu, chifuwa kupweteka kaya maso kuchita chidima, imeneyo si nthawi yoimbira ku Joni kapena kudikira muyankhe WhatsApp. Nambala ya munthu wa galimoto wa m'deralo ikhale yoyamba mu foni, mugwirizane naye mtengo lero lomwe zinthu zili bwino, ndipo mlongo wanu asungeko ndalama yake yosakhudza.

Kamtsikana ka Fomu 2 kaja musakasenzetse zonsezi. Kakhoza kutchera alamu ndi kulemba m'kope, koma woganiza zoti tinyamuke tipite kuchipatala akhale wamkulu. Ndipo makinawo akafika mlongo wanu adziyezenso, inunso kumeneko mukayezetse. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno BP yake ndi yokwera ndipo ochuluka sankadziwa nkomwe, nanji inu amene mayi anu agwa nayo kale.

Anamwino zikomo chifukwa cha tsamba lanu. Agogo anga aamuna anatuluka m'chipatala sabata yatha, shuga inakwera mpaka anakomoka. Anawapatsa metformin ndi glibenclamide. Amalume anatumiza kamakina koyezera shuga kuchokera kunja koma tasokonezeka, kuchipatala ankatiuza manambala ngati 250, 180, tsiku lotuluka anati 140, koma kathuka kakuonetsa 8.2 pena 7.5. Agogo akuti ndiye kuti shuga yatheratu m'thupi akufuna asiye mankhwala ayambe kumwa Sobo. Kodi kamakinaka ndi kabodza? — Mdzukulu, Ndirande

Mdzukulu, awuzeni agogo Sobo adikire kaye. Kamakina kanu si kabodza, kakungoyankhula chinenero china. Shuga amayezedwa m'miyeso iwiri, mg/dL ndi mmol/L, yang'anani pakona pa sikirini muona tizilembo timeneti. Makina ochokera ku South Africa ndi ku UK nthawi zambiri amakhala a mmol/L. Kuti mufananize chulukitsani ndi 18, nde 8.2 yanuyo ndi pafupifupi 148, 7.5 ndi 135, mukuona kuti zikugwirizana ndi 140 anakuuzani tsiku lotuluka. Makalikuleta a mu foni alipo, koma m'kope muzilemba nambala mmene yaonekera nkulembanso pamwamba pa tsamba kuti makina athu ndi a mmol, a kiliniki asadzadzidzimuke nawo.

Chimene ndikufuna muope kwambiri pa agogo si shuga yokwera yokha ayi, ndi yotsika. Metformin payekha satsitsa shuga mopyola kawirikawiri koma glibenclamide amatero, makamaka kwa munthu wamkulu amene wamwa mankhwala nkudumpha chakudya, mwina nsima yachedwa poti makala anatha kapena apita kumaliro tsiku lonse osadya. Nambala ikatsika pansi pa 3.9 pa makina anuwo, yomwe ndi 70 pa aja a kuchipatala, kapena mukaona akutuluka thukuta, akunjenjemera, akuyankhula zosalongosoka ngati aledzera, pamenepo ndiye Sobo uja ali ndi ntchito. Masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, kaya theka la botolo la Fanta, dikirani mphindi 15 muyezenso, zikakwera adye chakudya chenicheni. Akakhala kuti akomoka musawathire kanthu mkamwa angatsamwe, agonekeni chammbali nkuthamangira kuchipatala. Ndipo zikachitika olo kamodzi mukanene ku kiliniki, pena amasintha mankhwalawo poona msinkhu ndi impso. Kamakina kakalemba LO ndiye kuti yatsikitsitsa, kakalemba HI yakwera kupyola pamene kangawerenge, zonse ziwiri si zogona nazo.

Vuto mukumane nalo posachedwa ndi timasitiripi. Makina aliwonse ali ndi take, ta Accu-Chek sitilowa mu SD Codefree, nde musanasangalale pitani ku famase ndi kabotolo kake mukafunse ngati timapezeka kuno ndi mtengo wake, mukapeza kulibe awuzeni amalume azitumiza, apo ayi mugule makina amene masitiripi ake ali pafupi. M'nyumba zambiri muli makina abwinobwino ogona mu kabati chifukwa cha zomwezi. Kabotolo muzitseka msanga mukatulutsa kamodzi, musakasiye padzuwa, ndipo onani deti yothera.

Kena kakang'ono, asambe m'manja ndi sopo nkuumitsa asanabaye. Nyengo ya mango ino munthu amayeza chala chomwe wagwirira bango yakupsa, makina nkuonetsa nambala yoopsa, nyumba yonse kulira, pamene wayeza ndi madzi a mango. Funsani ku kiliniki kuti muziyeza kangati pa sabata, sikuti aliyense amafunika tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala asasiye kapena kuchepetsa paokha chifukwa nambala yaoneka bwino. Yaoneka bwino chifukwa cha mankhwala omwewo.

Anamwino, ndimawerenga tsamba lanu pa intaneti kuno ku Leicester komwe takhala zaka zoposa 20. Bambo akunyumba ali ndi zaka 68, ali ndi vuto la mtima wofooka, miyendo imatupa ndi kubanika. Atagona masiku anayi anatiuza kuti apite kunyumba koma akhalabe pa virtual ward, anatipatsa tabuleti, sikelo, makina a BP ndi kopanira chala kaja. Ine ndikuona ngati angotithamangitsa kuti bedi apatse wina, ntchito ya manesi andisiyira ine amene ndimagwiranso mashifiti a usiku. Abambowo akukana kukwera sikelo akuti si mwana wa kusikelo iwo. Kodi zimenezi nzodalirika? — Mayi wotopa, Leicester

Mayi, zoti mabedi ndi ochepa musakayike, ndi chimodzi mwa zifukwa zake ndipo a NHS, omwe amayendetsa zipatala za boma ku UK, sabisa, anakulitsa ndondomekoyi kuyambira 2022 mpaka mabedi a kunyumba oterewa anapyola 10,000 mu 2023. Koma si kuthamangitsidwa ayi. Munthu wa pa virtual ward amakhalabe m'manja mwa timu ya chipatala, manambala amene mukulowetsa mu tabuletimo alipo amene akuwayang'ana, amaimba foni kapena vidiyo, pena amabwera kunyumba kudzatenga magazi kapena kusintha mankhwala, ndipo nthawi zambiri sizipitirira masabata awiri. Kwa wamkulu kugona pa bedi lake, kudya nsima yake, kuyenda kupita ku bafa yekha kuli ndi ubwino wake, ku wodi akuluakulu amafooka miyendo msanga ndipo ena amasokonezeka mutu. Kusiyana kwa inu ndi achimwene a ku Joni aja ndi kumeneku, kwanuko mbali inayo kuli munthu wolipidwa kuti ayankhe.

Nde mugwiritseni ntchito munthuyo. Afunseni mosapita m'mbali kuti manambala amawaona kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji, usiku muimbe nambala iti, ndipo muwauze zoti inu mumagwira usiku abambo amatsala okha. Zimenezo si kudandaula, ndi zofunika adziwe poganiza ngati ndondomekoyi ikuwayenera, ndipo muli ndi ufulu kunena kuti simukwanitsa. Zinthu zikavuta kunja kwa maola awo pali 111, koma kubanika kwambiri, chifuwa kupweteka kapena kukomoka ndi 999 basi, musayambe kulimbana ndi tabuleti.

Za sikelo awuzeni abambo kuti pa zida zonse anakupatsanizo imeneyo ndiye mfumu. Mtima ukafooka madzi amayamba kudzadza m'thupi masiku angapo munthu asanayambe kubanika, ndipo sikelo imawaona madziwo maso asanaone. Akwere m'mawa uliwonse akachoka kokodza asanadye, zovala zofanana, sikelo ikhale pansi polimba osati pa kapeti. Akaonjezera makilo opyola 2 m'masiku atatu imbani tsiku lomwelo, kawirikawiri amangosintha mapilisi okodzetsa aja monga furosemide nkhani nkutha osagonekedwanso. Mchere wa patebulo ubisike, ndipo usipa wouma ndi kapenta amene abale amakubweretserani kuchokera kumudzi muziviika ndi kutsuka bwino, ndikudziwa simusiya.

Kopanira chala kaja ndiye mumvetsetse. Kamayeza mpweya m'magazi powalitsa kuwala kudutsa pachala, ndipo kwa ife akhungu lakuda kakhoza kuonetsa nambala yabwinoko kuposa zenizeni. Kafukufuku wa ku University of Michigan wa 2020 anapeza kuti odwala akuda amene mpweya wawo unali wotsika koma kachipangizoka nkuonetsa kuti uli bwino anali ochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi azungu. Nde kakati 95 koma abambo akulephera kumaliza chiganizo osapumira, khulupirirani maso anu, imbani ndipo munene zimene mukuona osati nambala yokha. Manja akhale ofunda poyeza, ndipo muziona mmene nambala ikuyendera masiku angapo, kutsika kuchoka pamene imakhala nthawi zonse ndi uthenga olo ikadali yooneka bwino.

Pomaliza funsani ku GP, dokotala wanu wa m'dera uja, kuti akulumikizeni ku NHS App ya abambo, iwo atavomera, muzitha kuitanitsa mankhwala ndi kuona masiku a kuchipatala pa foni yanu muli pa breki ku ntchito.

Anamwino, mnzanga wandionetsa app yoti ukaika chala pa kamera ya foni imakuuza BP ndi shuga ulere. Komanso pa Facebook pali dokotala wina akugulitsa mankhwala azitsamba akuti miyezi itatu shuga ndi BP zimatheratu, ukatumiza ndalama amakutumizira pa basi. Bambo anga atopa ndi mapilisi chitulukireni m'chipatala. — Wofuna kudziwa, Kasungu

App imeneyo ichotseni, kamera ya foni ikhoza kuwerengako kugunda kwa mtima mwa apo ndi apo koma shuga siingayeze popanda dontho la magazi, ndipo BP ya pa kamera si yoti nkusinthira mankhwala a munthu amene wangotuluka kumene m'chipatala. Choopsa chake imakonda kupereka nambala zabwino, munthu nkumati ndachira.

Dokotala wa pa Facebook uja mufunseni nambala yake ya ku Medical Council of Malawi ndiponso ngati mankhwala akewo analembetsedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, muone ngati sakublokani. BP ndi shuga za akuluakulu ndi matenda a mgonagona, timaziweta sitizipha, ndipo amene ndawaona akubwerera pa machira ambiri ndi aja anasiya mapilisi atayamba botolo la munthu wina. Zina mwa zosakanizazo zimapweteka impso zomwe shuga yazifooketsa kale, ndipo dialysis, kutsuka magazi ndi makina kuja, m'dziko muno ndi ya malo owerengeka ngati Queens ndi Kamuzu Central, mzere wake si wamasewera. Ngati bambo atopa ndi kuchuluka kwa mapilisi kaneneni ku kiliniki, pena amatha kuchepetsa kapena kusintha nthawi, ndipo mufunse chimene chikuwatopetsa, mwina ndi chifuwa chouma chimene enalapril amabweretsa kwa ena kapena kukodza usiku, zonsezo zili ndi pokonzera.

Anamwino ndithandizeni. Mayi athu atatuluka m'chipatala tinatsegula gulupu ya WhatsApp ya ana ndi zidzukulu, tilimo anthu 23. Ine ndi amene ndimakhala nawo. Ndikaponya BP aliyense amasanduka dokotala, wina akuti apatseni adyo, wina akuti muwonjezere piritsi, achimwene a ku Lusaka akuti ndikuwadyetsa mchere, wina anatenga chithunzi cha mayi ali pa bedi nkuika pa status kuti tiwapempherere, mayi atamva anakhumudwa kwambiri. Ine ndatopa ndikufuna kutulukamo. — Mwana wamkazi, Area 25

Achemwali, musatulukemo, mungotsegula ina. Gulupu ya anthu 23 ndi yabwino posonkha ndalama ndi kupereka moni, si yoyendetsera matenda. Yatsopanoyo mukhale anthu atatu basi, inuyo, mmodzi amene amatumiza ndalama mokhulupirika, ndi mmodzi wokhala pafupi amene angakulandireni mukadwala kapena mukafuna kupita ku ukwati. Manambala, zithunzi za buku, masiku a kiliniki zizipita mmenemo. Ku gulupu yaikulu muziponya kamodzi pa sabata kuti mayi adzuka bwino akupereka moni, kapena muwajambule voisi iwo eni akuyankhula, anthu akamva mawu a mayi mitima imakhala pansi ndipo mafunso amachepa.

Lamulo likhale limodzi ndipo mulilembe poyera kuti mankhwala amasintha ndi a kuchipatala okha. Amene ali ndi maganizo abwere adzaperekeze mayi pa tsiku la kiliniki akafunse yekha, muona mmene madokotala a mu gulupu achepere.

Za chithunzi zija mayi ali ndi chifukwa chokhumudwira. Munthu wamkulu amene moyo wake wonse satuluka m'nyumba opanda duku, lero azimuona anthu a ku tchalitchi ndi apongozi ali chigonere ndi thumba la mkodzo pambali, ayi. Matenda ndi awo, nkhope ndi yawo, afunsidwe kaye, ndipo amene anaikayo awaimbire apepese osati kungofufuta mwakachetechete. Chimodzimodzi zithunzi za buku la kuchipatala, muli zinthu zina mmenemo zimene mwina mayi sanauzepo ana onse, nde musaziponye pa anthu 23.

Chenjeraninso, nkhani ya matenda ikafalikira pa status akuba a pafoni amainunkhiza. Wina adzalandira meseji yoti mayi abanika tili pa chipatala tumizani ndalama pa nambala iyi foni yanga yazima. Gwirizanani lero kuti ndalama za mayi zimapita pa nambala imodzi yokha, yanuyo, ndipo aliyense aziimba kaye amve mawu anu asanatumize. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money ya mayi isadziwike ndi zidzukulu zonse.

Achimwene a ku Lusaka aja apatseni ntchito, anthu olongolola mu gulupu nthawi zambiri ndi amene chikumbumtima chikuwadya chifukwa ali kutali. Akhale iwo oimbira mayi 7 koloko madzulo aliwonse kufunsa ngati amwa mankhwala, asadule mpaka amve madzi akumezedwa, ndipo mayunitsi ndi bandulo ya mwezi ya foni yanu ikhale pa iwo. Akakana, mwezi wa Disembala abwere adzakhale nawo masabata awiri aziphika okha ndiwo zopanda mcherezo inu mukapume kwa anzanu ku Salima.